Kodi Zinyalala Zanga Ndikutayira Yani?

Tsiku Lachisanu masana, m'makomo a Aadiventi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri mumakhala piringupiringu. Amayi akukolopa, atsikana akukwecha miphika, anyamata akusita zovala ndi kupukuta nsapato, pakuti ili ndi tsiku lokonzekera. Dzuwa likamapendeka, pakhomo ponse pamakhala pali mbee. Chimatsala ndi chinthu chimodzi chokha: chidebe cha zinyalala za mlungu wonse. Pamenepo kholo limaitana mwana ndi kumuuza kuti, "Thamanga ukataye uko Sabata lisanayambe." Mwanayo amathamangira kumtsinje, kapena ku ngalande ya m'mbali mwa msewu, kapena kuseri kwa mpanda wa sukulu, nakhuthula, nabwerera. Banja limasonkhana, niliimba, nililandira Sabata m'nyumba yoyera.

Abale ndi alongo, funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: kodi "uko" ndi kuti? M'mzinda wonse wa Blantyre mulibe malo otchedwa "uko". Paliponse pamene titcha "uko" ndi pakhomo pa munthu wina, ndi njira ya munthu wina, ndi madzi a munthu wina. Chotero kutaya chinthu sikuchithetsa ayi. Kutaya ndiko kuchipereka kwa munthu amene sitikumuona, amenenso sanatipemphe. Ndipo ngati kutaya kuli kupereka, nkhani ya zinyalala yasanduka nkhani ya lamulo lachiwiri lalikulu, lija lonena za kukonda mnansi.

Dzala la kumudzi ndi dzala la m'tauni

Ambiri a ife, kapena makolo athu, tinakulira kumudzi, kumene nyumba iliyonse inali ndi dzala lake kuseri. Kumeneko kunkapita makoko a nthochi, zitsononkho, phulusa, madeya ndi nsanza. Zonsezi zinali zochokera kunthaka, ndipo zinkabwerera kunthaka. Mvula ikagwa kawiri katatu, padzala pankamera maungu, tomato ndi mapapaya onenepa koposa a kumunda. Munthu wa kumudzi ponena kuti "kataye uko" sankalakwira aliyense, pakuti malo anali ambiri ndipo nthaka inkadya zonse zimene anaipatsa.

Tinabwera m'tauni ndi chizolowezi chomwecho, koma zinthu ziwiri zinasintha. Choyamba ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre munali anthu oposa 800,000, ndipo ambiri a iwo amakhala m'malo othithikana, mmene kuseri kwa nyumba yanga ndiko kukhomo kwa mnzanga. Chachiwiri ndi mtundu wa zinthu zimene timataya. Lero m'chidebe muja muli majumbo, mabotolo a pulasitiki, zitini, mabatire, magalasi osweka ndi matewera otaya. Zimenezi nthaka siidya. Jumbo imene munanyamulira tomato kuchokera kumsika kwa mphindi khumi idzakhala ilipobe inu mutaiwala kalekale kukoma kwa ndiwozo. Chizolowezi chimene chinali chosalakwa kumudzi chasanduka chopweteka m'tauni, ndipo chikumbumtima chathu sichinazindikirebe za kusinthaku.

Madzi saiwala khwawa

Tiyeni titsatire chidebe chija. Mtsinje wa Nasolo umadutsa pakati pa Ndirande ndi kukathira mu Mudi, ndipo Mudi amadutsa mumzinda natsikira kumidzi ya kumunsi, kulinga ku Shire. Mwana akakhuthula zinyalala m'Nasolo m'chilimwe, zimangokhala pamenepo, ntchentche ndi makoswe nkumadyerera. Mvula yoyamba ikagwa, zonsezo zimanyamuka. Zina zimakatsekera pansi pa mlatho, madzi nasefukira m'nyumba za amene anamanga kumunsi, amene kawirikawiri ndiwo osaukitsitsa. Zina zimakodwa m'ngalande, madzi nadikha, udzudzu nuswana. Zina zimapitirira mpaka kumene mayi wina akuchapa, kumene mwana wina akusambira, kumene mlimi wina akuthirira masamba amene mawa adzabwera nawo kumsika womwe ife timagulako. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Zimene tatumiza kumunsi zili ndi njira yake yobwererera pa mbale yathu.

Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, umene unali woopsa koposa yonse m'mbiri ya dziko lathu, nupha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa kaamba ka mliriwo. Tinene zoona: kolera sabadwa m'jumbo. Amafala pamene chimbudzi cha munthu wodwala chafika m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Koma talingalirani za thewera lotayidwa mumtsinje, za ngalande yotsekeka imene ikusefukira pafupi ndi chitsime, za ntchentche zochokera pamulu wa zinyalala kupita pa mandasi ndi pa nsomba. Njira zimene matendawa amayendamo timazilambula ndife.

Ena mwa ife timati, "Ine sinditaya kumtsinje, ndimatentha." Kutentha masamba ndi mapepala nkwina, kutentha pulasitiki nkwina. Utsi wakuda uja uli ndi poizoni, ndipo suima pakhomo pa amene wayatsa. Umalowa pawindo la mnansi, mmene muli khanda kapena gogo wodwala mphumu. Ngakhale ziweto zimalawako. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman m'chaka cha 2021 chifukwa cholimbana ndi mapulasitiki opyapyala, anayamba kukhudzidwa ndi nkhaniyi ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya majumbo.

Nanga zimene galimoto za khonsolo zanyamula? Zimenezo zimapita ku Mzedi, kumtaya waukulu wa mzinda, kunjira ya ku Zomba. Kumenekonso kuli anthu. Kuli mabanja oyandikana ndi mtayawo amene amapuma utsi wake, ndipo kuli amuna, akazi ndi ana amene amafukula m'milu ija ndi manja kufunafuna chitsulo, botolo kapena chakudya. Galasi losweka limene sitinalikulunge limakacheka dzanja la munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Ngakhale ku Mzedi si "uko".

Mulungu amayenda pakati pa msasa

Mwina wina adzafunsa kuti, kodi nkhani yonyansa yotere ikufunanji m'buku la Sukulu ya Sabata? Yankho ndi lakuti Mulungu mwini sanaione kuti ndi yonyansa kwambiri koti nkusailemba m'Mau ake.

Werengani Deuteronomo 23:12-14. Pamenepo Mose akulamula kuti ankhondo a Israyeli akhale ndi malo kunja kwa msasa, ndi kuti munthu aliyense akhale ndi chokumbira pa zida zake, akwirire zimene zatuluka m'thupi mwake. Taonani zinthu ziwiri. Poyamba, udindowo unaikidwa pa munthu aliyense payekha. Chokumbira chinali cha iye mwini, sichinali cha Mose kapena cha akulu a fuko. Kachiwiri, chifukwa chimene chaperekedwa si chakuti angadwale, ngakhale kuti lamuloli linkawatetezadi ku matenda. Chifukwa chake ndi chakuti Yehova anali kuyenda pakati pa msasa wawo. Kwa Mulungu, ukhondo wa malo okhala anthu ake unali gawo la chiyero.

Werenganinso Levitiko 6:10, 11. Nsembe yopsereza ikatha, paguwa pankatsala phulusa. Ndani ankalichotsa? Wansembe. Iye ankaliwola atavala zovala zake za bafuta, kenaka nasintha zovala, nalinyamula yekha kupita nalo kunja kwa msasa, ku malo oyera. Manja omwe ankapereka nsembe ndi omwenso ankanyamula zotsalira. Ndipo sanauzidwe kuti alimwaze paliponse. Ngakhale phulusa linali ndi malo ake oikika.

Pamene Nehemiya anali kumanganso linga la Yerusalemu, panali chipata china chotchedwa cha kudzala, ndipo amene anachikonza anali Malikiya, mkulu wolamulira dera lathunthu (Nehemiya 3:14). Munthu waulemu wake sanachite manyazi kuti dzina lake lilembedwe pa chipata chotero. M'mutu womwewo timawerenga mobwerezabwereza za anthu amene anakonza linga pandunji pa nyumba zawo. Mzinda unamangidwa pamene aliyense anagwira gawo loyang'anana ndi khomo lake.

Ife Aadiventi tili ndi chifukwa china chapadera. Timasunga Sabata pokumbukira kuti Mulungu ndiye Mlengi. Uthenga wa mngelo woyamba, pa Chivumbulutso 14:7, umaitana anthu kuti alambire Iye amene analenga, ndipo pa zolengedwa zimene zatchulidwa pamenepo pali akasupe a madzi. Kodi zingatheke bwanji kuti Lachisanu madzulo ndikhuthule matewera m'madzi amene Iye analenga, ndipo Sabata m'mawa ndiime paguwa kulalikira kuti anthu alambire Mwini madziwo? Timadziwika ndi uthenga wa zaumoyo. Sitisuta, sitimwa mowa, timasankha zakudya, pakuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Komatu thupi la mnansi wanga amene akupuma utsi wa majumbo anga ndi kachisinso. Mayi Ellen G. White, m'buku lawo lotchedwa The Ministry of Healing, losindikizidwa m'chaka cha 1905, anaphunzitsa kuti ukhondo suthera pa thupi ndi zovala, koma ufikenso m'nyumba ndi pamalo ozungulira nyumba.

Zifukwa zitatu zimene timadzikanira nazo

Choyamba timati, "Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo." M'mau amenewa muli choonadi, ndipo sitiyenera kuchibisa. M'madera ambiri a m'matauni athu galimoto yotenga zinyalala siifika, mwina chifukwa njira ndi zopapatiza, mwina chifukwa galimotozo ndi zochepa. Mayi wa lendi amene alibe ngakhale kamalo kokumba dzenje sangafanane ndi munthu wa mumpanda amene zinyalala zake zimatengedwa pageti. Mulungu saweruza awiriwa ndi muyeso umodzi, pakuti kwa iye amene anapatsidwa zambiri ndiko kudzafunidwa zambiri (Luka 12:48). Ndiponso olamulira ndi eni mafakitale ali ndi mlandu wawo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 m'chaka cha 2015. Opanga mapulasitiki anakatsutsa kukhoti. Khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho mu Julayi 2019. Komabe milandu ina inatsatira, ndipo zaka zambiri zinapita majumbo akungochuluka. Mkhristu ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa khansala wake mwaulemu za zimenezi. Koma kulephera kwa wina sikusandutsa cholakwa changa kukhala cholungama. Lamulo lingaletse fakitale, koma dzanja limene limaponya botolo pawindo la minibasi ndi langa.

Chachiwiri timati, "Aliyense akutaya pomwepo, chidebe changa chimodzi chisintha chiyani?" Mulu uliwonse wa zinyalala umene mukuuona pamphambano unayamba ndi chidebe chimodzi, ndipo aliyense amene anawonjezapo ananena mau omwewa. Eksodo 23:2 amatichenjeza za kutsata unyinji pochita choipa. Ife amene timatseka maokala athu pa tsiku limene msika uli pachimake, ife amene ana athu amakana kulemba mayeso pa Sabata, tidziwa bwino kuima patokha. Nzodabwitsa kuti kulimba mtima kumeneku kumatithera tikafika pa chidebe cha zinyalala.

Chachitatu ndi chathuchathu, ndipo ndicho choopsa koposa. Timati, "Yesu akubwera posachedwa, dziko lino lidzapsa ndi moto, tivutikirenji ndi kusesa nyumba imene ikugwa?" Nzoona kuti 2 Petro 3:10-13 amanena za kutha kwa dziko lino ndi kudza kwa dziko latsopano. Koma taonani phunziro limene Petro akutengapo. Iye sanene kuti popeza zonse zidzatha tichite mwachisawawa, koma kuti tikhale anthu a mayendedwe oyera. Thupi langanso lidzabwerera kufumbi, koma palibe Mwadiventi amene amati pachifukwa chimenecho ayambe kusuta. Dziko ndi la Yehova (Masalimo 24:1), ndipo munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga (Genesis 2:15). Ife ndife akapitawo. Kapitawo amene wamva kuti mwini munda ali panjira sayamba kuononga. Pamenepo mpamene amakonza kwambiri. Ndipo Chivumbulutso 11:18 chimanena mosabisa kuti tsiku likudza la kuononga iwo akuononga dziko. Komanso mwana amene adzamwa madzi oipa mwezi uno sangadikire dziko latsopano kuti apeze madzi abwino. Iye ndi mnansi wanga lero.

Pansi pa zifukwa zitatuzi pagona funso lakale la Kaini, lofunsa ngati iye anali ndi udindo wosunga mbale wake (Genesis 4:9). Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya anamuona munthu wovulalayo, nalambalala. Ife tapeza njira yosavuta koposa: amene timawavulaza ali kumunsi kwa mtsinje, kotero sitisowa ngakhale kulambalala.

Makombo asatayike

Yesu atadyetsa anthu zikwi zisanu, analamula ophunzira ake kuti atole makombo kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza mitanga khumi ndi iwiri (Yohane 6:12, 13). Iye amene akanatha kuchulukitsa mikate ina mawa lake sanalole kuti nyenyeswa zipondedwe. Kukhala nazo zambiri si chilolezo cha kutaya.

Pa nkhani iyi aphunzitsi athu tili nawo pafupi. Pitani kumsika wa Ndirande mukaone amisiri akusula mbaula, zidebe ndi ziwaya kuchokera ku migolo ndi malata akale. Ena amadula matayala otha napanga nsapato ndi zingwe. Amayi amatsuka mabotolo nagulitsiramo thobwa ndi mafuta ophikira. Ana amakulunga mpira ndi majumbo, napanga galimoto za mawaya. Anthu amenewa, pamodzi ndi aja oyenda m'makwalala kugula zitsulo ndi kutola mabotolo, nthawi zambiri timawayang'ana monyoza. Chikhalirecho iwo akuchita chimene Ambuye analamula, pamene ife odzitcha aukhondo tikungomwaza. Amene amadetsa mzinda ndi wotaya, osati wotola.

Tikayang'anitsitsa m'chidebe cha pakhomo, tidzapeza kuti zambiri mmenemo ndi zowola: makoko, masamba, zotsala za chakudya, phulusa. Zimenezi si zinyalala konse, ndi manyowa amene sanapse. Zikaikidwa padera m'dzenje kapena m'thumba, nkumathiridwa dothi pamwamba kuti zisanunkhe, patapita miyezi yowerengeka zimasanduka chakudya cha mpiru ndi bonongwe wa m'masaka kuseri kwa nyumba, m'masiku ano amene feteleza wakwera mtengo. Zitini, zitsulo ndi mabotolo zili ndi ozifuna. Zikapatulidwa zonsezi, chotsala chofunadi kutayidwa chimakhala chochepa, ndipo nchapafupi kuchisunga kufikira chitapita ku malo oyenera. Ndipo chinyalala chosavutitsa koposa ndi chija sitinabwere nacho kunyumba: dengu kapena chikwama cha nsalu popita kumsika chimabweza majumbo ambirimbiri pa chaka.

Chiweruzo chiyambire m'nyumba ya Mulungu

Ndilembe za ine mwini. Chaka china tinali ndi msonkhano wa misasa umene unadalitsika kwambiri. Anthu anabatizidwa, makwaya anaimba, ndipo tinabalalika mitima ili yodzala. M'mawa mwake ndinabwerera pamalopo kukatenga buku limene ndinaiwala. Bwalo lonse linali mbwee ndi majumbo, mabotolo, zikonyo ndi matewera, ndipo mphepo inali kuziulutsira m'minda ya eni mudzi. Bambo wina wachikulire, amene sanali wa mpingo wathu, anali kutola m'munda mwake. Anandipatsa moni mwaulemu, nati, "Abusa, mwapemphera bwino." Sananene china. Mlungu wonse ndinali nditalalikira za malamulo khumi, koma ulaliki umene bamboyo anatsala nawo ndi umene anali kuutola ndi manja. Tinaika makomiti a zoimba, a chakudya ndi a zokuzira mau, koma palibe mmodzi wa ife, kuyambira ine, amene anafunsa kuti zotsala zidzapita kuti.

M'chaka cha 2020 boma linakhazikitsa tsiku loyeretsa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ife tinapatsidwa kale tsiku lokonzekera, osati kamodzi pa mwezi koma mlungu uliwonse. Chimene chikusowa ndi kukulitsa malire a kukonzekerako, kuti kusathere pakhonde. Ndipo pamene anzathu a m'dera apangana zoyeretsa pa tsiku la Sabata, sikokwanira kungonena kuti ife sitigwira ntchito lero. Tiwauze kuti gawo lathu atisiyire, ndipo Lamulungu m'mawa atione, akulu a mpingo, madikoni, amayi a Dorika ndi achinyamata, tili ndi makasu ndi mawilibala m'ngalande. Mutu umodzi susenza denga; mabanja khumi oyandikana angathe kusonkherana ndi kulipira wowatengera zinyalala, pokhapokha atatsimikiza kumene iye akukazitaya, kuopa kuti angangolemba ganyu munthu wokawachimwira kumtsinje.

Sitinena kuti munthu adzapulumuka chifukwa chosesa. Chipulumutso ndi cha chisomo, mwa chikhulupiriro mwa Yesu Khristu. Koma Iye amene anasenza zonyansa zathu, nakazunzika kunja kwa chipata (Ahebri 13:12), sanatitayire ife katundu wake, anatenga wathu. Wotsatira wake sangakhale munthu wosenzetsa ena zonyansa zake mumdima. Lachisanu likudzali, musanatume mwana ndi chidebe, imani pang'ono ndi kudzifunsa dzina la munthu amene mukumutumizira.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tsatirani zinyalala za pakhomo panu kuyambira pamene zachoka m'manja mwanu. Zimathera kuti, ndipo ndani amakhala kumeneko?

2. Pa Deuteronomo 23:14 chifukwa cha ukhondo ndi kupezeka kwa Mulungu pakati pa anthu ake. Kodi zimenezi zikutiuza chiyani za bwalo la tchalitchi chathu ndi zimbudzi zake?

3. Mungamuyankhe bwanji mbale amene akuti kusamala za dziko lino ndi kusowa chikhulupiriro pa kubweranso kwa Yesu?

4. M'kalasi mwanu muli ena amene alibe malo okumba dzenje. Kodi mpingo ungawathandize motani, m'malo mongowadzudzula?